Za Chilengedwe: Chiperoni ndi dziko la madzi oundana

Mwezi wa Juni ukafika, alimi a ku Mulanje ndi ku Thyolo amadziwa kuti chiperoni ali pafupi. Mitambo imatsika mpaka kuphimba phiri, mvula yowaza imagwa kwa masiku angapo, ndipo masamba a tiyi amatsitsimuka. Pa nyanja ya Malawi napo, mphepo ya mwera imachititsa asodzi kukokera mabwato awo kumtunda. Komabe ndi anthu ochepa amene amafunsa kumene kuzizira kumeneku kumachokera. Mpweya wozizirawu umayambira kutali kumwera, pamwamba pa nyanja yaikulu imene yazungulira dziko la Antarctica, ndipo umatola chinyontho pa nyanja ya Indian usanadutse ku Mozambique.

Antarctica ndi dziko lokutidwa ndi madzi oundana, ndipo kulibe midzi kapena minda. Pangano la mayiko la m'chaka cha 1959 linapatula dzikoli kuti likhale la mtendere ndi kafukufuku. Akatswiri a sayansi amene amagwira ntchito kumeneko anazindikira kuti mpweya, mphepo, nyanja ndi madzi oundana sizingaphunziridwe pazokhapazokha, chifukwa chimodzi chikasintha, zinazo zimasintha nacho.

Umboni wake unaoneka mu 1985. Akatswiri atatu a bungwe la British Antarctic Survey, a Joe Farman, a Brian Gardiner ndi a Jonathan Shanklin, analengeza zimene anapeza pa malo ofufuzira a Halley: mpweya wa ozoni unkachepa kwambiri pamwamba pa Antarctica chaka chilichonse cha mu Okutobala. Ozoni amakhala m'mwamba kwambiri mumlengalenga ndipo amatchinga cheza choopsa cha dzuwa, chimene chimayambitsa khansa ya pakhungu ndi ng'ala m'maso. Chimene chinkamuwononga ndi mipweya yotchedwa CFC, imene inkagwiritsidwa ntchito m'mafiriji ndi m'zitini zopopera, makamaka m'mayiko olemera a kumpoto. Mpweya wotuluka m'firiji ya ku London unakathera kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi.

Nkhaniyi sinathere pomwepo. Ozoni akachepa, mpweya wa m'mwambamo umazizira kwambiri. Kuzizirako kunalimbitsa mphepo zochokera kumadzulo zimene zimazungulira Antarctica, n'kuzikokera kumwera, makamaka m'nyengo ya dzinja. Kuchuluka kwa mipweya yotenthetsa dziko nako kumakankhira mphepozi mbali yomweyo. Izi n'zofunika ku chigawo chino chifukwa mphepo zomwezi ndi zimene zimabweretsa mvula ya m'nyengo yozizira ku Cape Town. Kuyambira mu 2015 mpaka mu 2017, mitambo yambiri ya mvula inalambalala mzindawu n'kukakhuthulira madzi m'nyanja. Madamu anaphwa, ndipo mu 2018 munthu aliyense analamulidwa kugwiritsa ntchito malita osapitirira 50 patsiku. Alimi a zipatso anachepetseredwa madzi othirira, ndipo anthu ambiri aganyu anasowa ntchito.

Madzi oundana amasunganso mbiri ya nyengo. Chipale chofewa chikagwa n'kupanikizika chaka ndi chaka, chimatsekera mkati timathovu ta mpweya. Pa malo otchedwa Dome C, akatswiri a ku Ulaya anaboola pansi makilomita oposa atatu n'kutulutsa madzi oundana okhala ndi mpweya wa zaka 800,000 zapitazo. Anapeza kuti m'nthawi yonseyo mpweya wa kaboni dayokisaidi sunapitirire magawo 300 pa magawo miliyoni imodzi. Lero wadutsa magawo 420. Dziko likamatentha, madzi oundana amasungunuka, nyanja zimakwera, ndipo mizinda ya m'mphepete mwa nyanja monga Beira, imene inasakazidwa ndi namondwe wa Idai mu 2019, imakhala pa chiopsezo chachikulu.

Chigawo chino nacho chili ndi dzanja pa kafukufukuyu. Dziko la South Africa lili ndi malo ofufuzira otchedwa SANAE IV ku Antarctica, komanso malo oyezera nyengo pa zilumba za Marion ndi Gough. Sitima ya S.A. Agulhas II imanyamuka ku Cape Town kukasiya akatswiri ndi zipangizo kumeneko. Zimene amayeza zimatumizidwa ku makompyuta olosera za nyengo a mayiko osiyanasiyana, kotero kuti ulosi umene mlimi wa ku Chipata, ku Angonia kapena ku Dedza amamva pa wailesi uli ndi kachigawo kochokera ku zilumba zimenezi.

Palinso cholimbikitsa. Mu 1987 mayiko anasainirana pangano la Montreal lothetsa mipweya ya CFC, ndipo pofika mu 2009 mayiko onse a m'bungwe la United Nations anali atalowamo. Ozoni wayamba kubwerera, ndipo akatswiri akuyembekezera kuti pamwamba pa Antarctica adzafika mwakale cha m'ma 2066. Bala limene linatenga zaka zochepa kupanga likutenga zaka pafupifupi 80 kuti lipole.

Alangizi ndi ogwira ntchito zachitukuko angatengepo phunziro. A Farman ndi anzawo anaona kusinthako chifukwa malo a Halley anali atayeza ozoni mosadukiza kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Kalabu ya alimi imene imalemba m'kaundula tsiku limene mvula yoyamba yagwa, kuchuluka kwake, ndi masiku a ng'amba, ikuchita ntchito yofanana. Pakatha zaka khumi, kaundulayo pamodzi ndi ulosi wa anthu azanyengo adzathandiza mudzi kusankha mbewu yoyenera ndi nthawi yobzala. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ludzu la ku Cape Town ndi chenjezo kwa mudzi uliwonse umene umadalira mvula.