Katuni ya ndeke zozima moto si zidole cabe

Makolo ambiri akapeza ana akuonera Planes: Fire & Rescue, kanema wa Disney wa mu 2014, amangoti ni zidole. Ife tikuti khalani pansi muonere nawo.

Dusty, ndeke yopopera mankhwala m'minda imene iphunzira kuzima moto, sanangoipeka ai. Ku California mu 1955, ndeke imene inayamba kuthira madzi pa moto wa m'nkhalango inali yopopera m'minda. Opanga kanemayu anapita kukaphunzira nchitoyi kwa ozima moto a CAL FIRE.

Zina amaseka ni akulu okha. Helikopita Blade Ranger kale inali m'sewero la pa TV lochedwa CHoPs, kutengera CHiPs, ndipo liu la mnzake wa m'seweromo ni la Erik Estrada, wapolisi wa mu CHiPs mwini wake.

Koma pali cipupa ca zithunzi za ndeke. Dusty atafunsa mofikira pamenepo, amuuza kuti ni ndeke zimene zinagwa pa nchito. Apa mwana afunika wamkulu womufotokozera, pakuti ni mwana yemweyo amene mu Seputembala amabisa macisi m'thumba popita kukasaka mbewa.