Ndalama yagolide yachikumbutso si yogula ndi mpamba

Wamalonda amene wakhalitsa pamsika amadziwa kuti katundu akachuluka mtengo umagwa. Lamulo lomweli ndi limene limayendetsa malonda a ndalama zagolide zachikumbutso zimene dziko la America linkasula kuyambira chiyambi cha zaka za m'ma 1900 mpaka 1926.

Yoyamba inali ya dola imodzi, yokumbukira kugulidwa kwa chigawo cha Louisiana. Anasula ndalama 250,000 n'kumagulitsa iliyonse pa madola atatu. Zinagulidwa pafupifupi 35,000 zokha, zotsalazo anazisungunula, ndipo amene anathamangira kugula anaona mtengo ukutsika. Mawu akuti "chikumbutso" sanawapulumutse.

Nkhani ya ndalama za madola 50 za chionetsero cha Panama-Pacific, chomwe chinachitikira ku San Francisco mu 1915, ndi ina. Zinkagulitsidwa pa madola 100 iliyonse ndipo ogula anali ochepa: zozungulira zinatuluka 483, za ngodya zisanu ndi zitatu 645. Lero imodzi imagulidwa madola masauzande ambirimbiri chifukwa chosowa.

Choncho ndalama yotere ili ndi mitengo iwiri. Woyamba ndi wa golide weniweniyo. Ka dola imodzi kaja kamalemera magalamu 1.67, ndipo golide wake ndi pafupifupi galamu imodzi ndi theka. Mtengo umenewu sikelo imatha kuuchitira umboni. Wachiwiri ndi wa kusowa kwa ndalamayo komanso mmene yasungidwira, ndipo umenewu amaulipira ndi osonkhanitsa ndalama zakale okha. Kumene kulibe anthu otero, wogula golide amangoyeza kulemera, mbiri yonse ija n'kukhala yopanda phindu.

Ku America makampani monga PCGS ndi NGC amaunika ndalamazi, kuzipatsa giredi kuyambira 1 mpaka 70, n'kuzimata m'kabokosi kokhala ndi nambala. Kusiyana giredi imodzi yokha kumasintha mtengo kwambiri. Wopukuta ndalama kuti iwale amaiwononga, chifukwa akatswiri amaona timizere ta kupukutako ndipo mtengo umatsika pomwepo. Zachinyengo nazo zilipo. Golide sakokedwa ndi maginito, koma nawonso mkuwa wokutidwa golide sukokedwa, kotero maginito okha si umboni. Pajatu chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ena amanena kuti golide sawola ngati tomato ndipo amateteza chuma ndalama ikamatsika mphamvu. N'zoona, koma wofuna chitetezo chotero alipire golide yekhayo, osati nthano yake. Mpamba wa geni yaing'ono umabala ukamazungulira tsiku ndi tsiku, pomwe ndalama yachikumbutso imatha kukhala zaka ikudikira wogula woyenera.

Wamalonda amene wabweretseredwa ndalama yotere, kaya yogula kaya yosinthana ndi katundu, afunse kaye mafunso atatu: ikulemera bwanji, anaiunika ndani, nanga mawa adzaigulitsa kwa ndani? Funso lachitatu likasowa yankho, ndalama zake zikhale m'thumba.