MABWALO A NDEGE ANAMANGIDWA NDI YANI?

Abale athu a m'makomboni a Kabwe, ndege tinayamba kuziona kale. Mu 1932, tauni ino ikali kuchedwa Broken Hill, ndege za Imperial Airways zonyamula makalata pakati pa London ndi Cape Town zinayamba kutera pano. Makolo athu anali kuzipenyera patali, cifukwa kuyendetsa ndege kunali kwa Azungu okha. Mbiri ya sukulu za ndege za nthawi ya nkhondo ya Hitler itionetsa mtengo umene tinalipira cifukwa ca tsankho limeneli.

Nkhondo itabuka mu 1939, Angerezi anasowa malo abwino ophunzitsira anyamata ao kuuluka. Kwao kumacuruka nkhungu ndi mitambo, ndiponso ndege za Ajeremani zinali pafupi. Tsono anayang'ana ku Southern Rhodesia, kumene kumwamba kukhala koyera miyezi yambiri. M'mwezi wa May 1940 anatsegula sukulu yoyamba pa Belvedere ku Salisbury, ndipo zina zinatsatira: Cranborne ndi Mount Hampden komweko, Induna, Kumalo ndi Heany ku Bulawayo, Guinea Fowl ndi Thornhill ku Gwelo. Zonsezi zinali pansi pa Rhodesian Air Training Group.

Mnyamata anali kuyamba ndi kandege ka mapiko osanjikana kochedwa Tiger Moth. Akakhoza, wosankhidwa kukamenyana ndi ndege za adani m'mwamba anali kutumizidwa ku Cranborne kapena Thornhill kukaphunzira Harvard, ya injini imodzi. Wa ndege zoponya mabomba anali kunka ku Kumalo kapena Heany, kumene kunali Oxford ya mainjini awiri. Pakutha pa nkhondo anali ataphunzitsa anthu oposa 7,000: Angerezi, Agiriki, a ku Australia ndi ena.

Nanga mabwalowo anamangidwa ndi yani? Amene anadula mitengo, kuzula zitsa, kugumula zulu ndi kusalaza nthaka ndi makasu, mapiki ndi mafosholo anali Aafirika, ndipo ambiri sanapite mwa kufuna kwao. Mu 1940 Boma la kumeneko linauza mafumu kuti apereke amuna a nchitoyi. Mu 1942 linaika lamulo la cibalo lokakamiza anthu kukalima m'mapulazi a Azungu, pakuti ofuna kudyetsedwa anali atacuruka. Ena analembedwa mu Air Askari Corps kuti azilonda mabwalo usana ndi usiku. Kumbukirani kuti anchito ambiri m'dziko limenelo anali ocokera kuno ndi ku Nyasaland.

Nafenso a Kabwe thukuta lathu linalowa m'nkhondoyo. Zinki ya mgodi uno ikasanganizidwa ndi mkuwa ipanga makoko a zipolopolo, vanadium yace ilimbitsa citsulo, ndipo mkuwa wa ku Copperbelt unali kudzera pa njanji yathu ino.

Koma mpando wa woyendetsa ndege sunaperekedwe kwa mwana wa maiko ano. Anali kunena kuti mutu wa munthu wakuda sungathe zotere. Bodza! Ku America, pa Tuskegee, anthu akuda anayamba kuphunzira ndege za nkhondo mu 1941. Pafupifupi 1,000 anatsiriza, ndipo mazana a iwo anakamenya nkhondo ku North Africa ndi ku Italy. Nzeru zinalipo, koma kuno khomo linali lotseka.

Onani tsono zimene zinatsatira. Mmodzi wa anyamata ophunzira m'sukulu za Rhodesia anali Ian Smith, amene analowa mu 1941 nayendetsa Hurricane ndi Spitfire. Munthu yemweyo pa 11 November 1965 analengeza ufulu wa Azungu okha. Thornhill, bwalo losalazidwa ndi manja a Aafirika, linasanduka kwao kwa ndege zace za Hunter. Pa 19 October 1978 ndege za Rhodesia, pamodzi ndi ma Hunter amenewo, zinalowa m'Zambia ndi kuponya mabomba pa misasa ya anthu a Joshua Nkomo ku Chikumbi pafupi ndi Lusaka ndi ku Mkushi, m'cigawo cathu cino. Anthu mazana anafa tsiku limenelo. Akuru anati cakudza siciimba ng'oma.

Phunziro lace nali: amene agwira fosholo yokha, luso nalisiyira mnzace, tsiku lina adzalira ndi cinthu cimene anamanga yekha. Lero Zambia iri ndi oyendetsa ndege ace, amuna ndi akazi, ndipo palibe lamulo loletsa mwana wa ku Makululu kapena ku Bwacha kukhala mmodzi wa iwo. Comutsekera khomo tsopano ndi umphawi ndi kusiya sukulu panjira.

Cifukwa cace tikupemphani, inu makolo, musaturutse mwana m'kalasi kuti akatole miyala pa mulu wa mgodi. Mlimbikitseni pa masamu ndi sayansi. Inu aphunzitsi, pophunzitsa za nkhondo ya 1939 mpaka 1945 chulaninso amene anazula zitsa pa Thornhill. Ndipo inu amene agogo anu anagwirako nchito ku Gwelo, Bulawayo kapena Salisbury, lembani zimene anakuuzani zisanaiwalike, kuti ana athu adziwe eni ace a thukuta limeneli.