Sikirini yakuda siyigwirizana ndi dzuwa la ku Chapananga

Kuyambira 2018, GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi pa Windows, Linux ndi macOS, imabwera yakuda mukangoyiika. Ine ndikuti kwathu kuno zimenezi sizitiyenera. Dzuwa la ku Chapananga mukulidziwa. Likalowa pazenera masana, sikirini yakuda imasanduka galasi, mumangoona nkhope yanu m'malo mwa zilembo.

Ena amati zakuda zimasunga batire. Zoona, koma pa sikirini za OLED, poti kadontho kalikonse kamayaka pakokha. Makompyuta akale ambiri ndi a LCD, nyali yakumbuyo imayakabe, kaya pakuda kaya poyera. Ndiye mwapulumutsapo chiyani, anzanga?

Ambiri sasintha zomwe azipeza. Opanga mapulogalamu aziyamba ndi zoyera, wofuna mdima asankhe yekha. Mu GIMP, pitani pa Preferences, kenako Theme.