Sopo wa tsiku limodzi sakwanira agogo a kwa Ngokwe

Mnzathu wina amene kwawo ndi kwa Ngokwe, m'boma la Machinga, wabwera kuchokera ku tchuthi ndi nkhani imene yatisowetsa mtendere. Anakapeza agogo ake aakazi, amene kumeneko amawaitana kuti anganga, atasiya kupita kumunda. M'maso mwachita ng'ala, mawondo akutupa, ndipo pakhomo pali zidzukulu zinayi zimene makolo awo ali ku Joni. Mtsikana wamkulu, wa Sitandade 7, ndiye amatunga madzi, kuphika ndi kuwagwira dzanja agogowo akafuna kutuluka panja. Mnzathuyo anawayeza ndi kamakina kake ka BP ndipo nambala inatuluka yokwera kwambiri. Atawafunsa kuti anayezetsa liti komaliza, anganga anangoseka n'kunena kuti sikelo ndi ya ana ndi amayi oyembekezera.

Yankho limeneli likutiloza chala ifeyo, amene tikuphunzira unamwino, udokotala, uphunzitsi ndi ubusa. Tonse timadziwa mmene timachitira tikati tikaone okalamba. Timasonkha ndalama, timagula sopo, shuga ndi mchere, timavala yunifolomu, timaimba nyimbo ziwiri, timajambulitsa, zithunzi n'kupita pa Facebook. Pofika Lachitatu sopo watha, koma BP ija ikadali pomwepo. Ife tikuti ntchito yotereyi ndi yabwino, koma ndi yochepa kwambiri, ndipo nthawi zambiri imasangalatsa ife opereka kuposa olandira.

Tiyambe taona mmene zinthu zilili kwa Ngokwe. Derali lili kum'mawa kwa Machinga, kufupi ndi nyanja ya Chiuta ndi malire a Mozambique. Anthu amadalira ulimi ndi usodzi, ntchito zofuna mphamvu za thupi. Munthu akafooka, chuma chake chathera pomwepo, chifukwa penshoni imene lamulo la 2011 linakhazikitsa ndi ya anthu olembedwa ntchito, osati mlimi wa mpunga kapena msodzi wa pabwato. Chipatala chachikulu cha boma la Machinga chili ku Liwonde, ulendo wautali wofuna ndalama ya kabaza ndi ya galimoto, kupita ndi kubwera, kuwonjezapo ya wowaperekeza. Nkhalamba yopanda ndalama imangosankha kukhala pakhonde n'kumati ndi ukalamba.

Komatu zambiri zimene timazitcha ukalamba ndi matenda ochizika kapena ochepetseka. Kuthamanga kwa magazi kumadziwika m'mphindi zochepa. Nambala ikamafika 140/90 kapena kupitirira pa masiku osiyana, munthuyo afunika kuonana ndi achipatala, ndipo mankhwala ake akamamwedwa tsiku lililonse amateteza ku sitiroko. Matenda a shuga amadziwika ndi dontho limodzi la magazi. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, yomwe imachitika m'zipatala zazikulu monga cha Zomba, ndipo munthu amene amamugwira dzanja amayambanso kuyenda yekha. Taganizani za mtsikana wa Sitandade 7 uja. Agogo ake akayambanso kuona, iyenso wabwerera m'kalasi. Kuchiza nkhalamba imodzi ndi kumasula banja lonse.

Pali vuto lina loposa matenda, lomwe sitikonda kulitchula m'misonkhano yathu ya achinyamata. Ndi kunamizira okalamba ufiti. M'mwezi wa January 2016, ku Neno, anthu anapha nkhalamba zinayi za banja limodzi poziganizira kuti ndizo zinatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Nkhani zoterezi sizinathe, ndipo kawirikawiri woyambitsa amakhala wachibale: mdzukulu amene mayeso sanamuyendere, mphwake amene akufuna munda, mkamwini amene mwana wake wadwala malungo. Lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ambiri sadziwa zimenezi, ndipo ena amadziwa koma amakhala chete chifukwa mumtima nawonso amakhulupirira.

Apa tiyenera kunena zoona za ife eni. Ndi angati mwa ife amene tikapita kumudzi timakana chakudya cha agogo ena chifukwa amayi anatinong'oneza kuti tichenjere nawo? Timaphunzira m'kalasi kuti ubongo wa munthu wokalamba umatha kudwala, munthu n'kumaiwala mayina a ana ake, kusochera usiku, kupezeka pakhomo pa eni ake m'bandakucha osavala bwino, kapena kuvomera zinthu zimene sanachite. Pa mayeso timalemba molondola kuti ndi matenda a muubongo. Tikafika kumudzi n'kumva kuti agogo auje awapeza akutamba, timatseka pakamwa. Maphunziro amene sangathe kupulumutsa gogo mmodzi kwa gulu lonyamula miyala ndi maphunziro apapepala chabe.

Wina anena kuti iyi ndi ntchito ya boma. Zoona, mbali yaikulu ndi ya boma, ndipo boma lachitapo kanthu. Mu 2016 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza anthu okalamba, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, patatha zaka zambiri bungwe la MANEPO ndi ena akulimbikira. Palinso Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo Machinga linali limodzi mwa maboma oyambirira kulandira. Koma Mtukula Pakhomo anakonzedwa kuti afikire mabanja khumi mwa mabanja 100 alionse, osaukitsitsa ndiponso opanda wogwira ntchito. M'dera limene pafupifupi khomo lililonse ndi losauka, nkhalamba zambiri zimatsala kunja kwa mndandanda. Mayiko ena anasankha njira yosavuta: Lesotho kuyambira 2004 ndi Zanzibar kuyambira 2016 amapereka ndalama mwezi uliwonse kwa nzika zimene zafika zaka 70. Malawinso angathe kuyamba pang'ono, popeza kalembera wa 2018 anaonetsa kuti anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi pafupifupi asanu okha mwa anthu 100 alionse. Koma lamulo losindikizidwa ku Lilongwe silidziyendera lokha kukafika ku Chiuta. Pafunika wina wolinyamula, ndipo ife amene timatha kuliwerenga tilibe chifukwa chozembera.

Winanso anena kuti kusamala okalamba ndi udindo wa abale. Kale zinalidi choncho. Kwa Ayao, monganso kwa Achewa, mayi wokalamba amakhala pakati pa ana ake aakazi ndi zidzukulu, ndipo mbumba inkamuzungulira. Koma Edzi inatenga m'badwo wapakati wambiri, ndipo ulendo wa ku South Africa ukutenga otsalawo. Tsopano zinthu zatembenuka: amene anayenera kusamalidwa ndiye akusamala. Kuuza gogo wolera ana amasiye kuti adalire abale ndi kumuuza kuti adalire ana omwe akudalira iyeyo.

Nanga ife, ophunzira opanda ndalama, amene fizi yomwe imativuta, tingachitenji? Tili ndi zinthu zitatu zimene mudzi ulibe zokwanira: chidziwitso, mawu ndi mpingo wofika kutali.

Choyamba, tisiye ulendo wa kamodzi pa chaka n'kusankha mudzi umodzi kapena iwiri yoti tikhale nayo zaka zingapo. Tipite kwa mfumu, tikhale pansi ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo, tilembe dzina la wokalamba aliyense ndi vuto lake. Ophunzira a zaumoyo aphunzitse achinyamata a komweko ndi amayi a Dorika kuyeza BP ndi kulemba m'kaundula, kuti ntchito isaime ife tikabwerera ku sukulu. Ndalama ya sopo ndi ya mabasi a kwaya igule makina amodzi ndi mabatire, yotsala ikhale thumba la mayendedwe la amene atumizidwa ku Liwonde kapena ku Zomba. Sitipereka mankhwala tokha, sitinafike pamenepo. Ntchito yathu ndi kupeza wodwala, kumufikitsa kwa achipatala ndi kukaonanso ngati akumwa mankhwala ake.

Chachiwiri, tilankhule. Amene akuphunzira ubusa alalikire poyera kuti kunamizira nkhalamba ufiti ndi kuchitira mnzako umboni wonama, ndipo kumaphwanya lamulo lachisanu ndi lachisanu ndi chinayi pa nthawi imodzi. Amene adzakhale aphunzitsi aziphunzitsa ana kuti mphenzi ndi chiyani, malungo amabwera bwanji. Tikamva kuti gogo wina akuopsezedwa, tikanene kwa mfumu ndi ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, zinthu zisanafike poipa. Pa 15 June, tsiku lokumbutsa dziko za nkhanza zochitira okalamba, ndi pa 1 October, tsiku la anthu okalamba, tilembere phungu ndi khonsolo kufunsa chimene lamulo la 2024 lasintha m'dera lawo. Kalata ya ophunzira 200 sangaiponye m'dengu mosavuta.

Chachitatu ndi chovutirapo kwa ena mwa ife. Anthu ambiri a kwa Ngokwe ndi Asilamu. Tikapita ndi makina a BP m'dzanja limodzi, khadi la ubatizo m'dzanja linalo, adzatizindikira msanga ndipo adzatseka chitseko, ndipo sadzalakwa. Tikapemphe mashehe kuti tigwire nawo ntchito, tipewe kuika zochitika pa nthawi ya swala ya Lachisanu monga momwe timafunira kuti ena alemekeze Sabata lathu, ndipo tiphunzire ngakhale moni wa m'Chiyao. Dorika wa ku Yopa amakumbukiridwa chifukwa cha zovala zimene anasokera amasiye, ndipo amasiyewo ndiwo anamuchitira umboni. Umboni wathunso ukhale wotero. Mpingo umene unayamba ntchito ku Malamulo mu 1902, n'kudziwika ndi sukulu ndi chipatala, suyenera kuphunzitsidwa kuti kuchiza munthu ndi utumiki wokwanira pawokha.

Tisaiwalenso kuti okalamba si odwala chabe. Amadziwa malire a minda, mbiri ya mbumba, zaka zimene nyanja inaphwa ndi mmene anthu anapulumukira njala. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo tikulisiya liume. M'makomiti a chitukuko cha m'mudzi mukhale mpando wa wokalamba, ndipo pokonza ntchito yathu tiyambe tawafunsa chimene akufuna. Mwina adzatiuza kuti chofunika si shuga, koma denga lofoleredwa mvula isanagwe.

Mnzathu uja wabwerera ku sukulu, koma kamakina kake anakasiya kumudzi m'manja mwa mtsikana wa Sitandade 7, amene tsopano amawerenga nambala n'kuitumiza pa foni ya oyandikana nawo. Anganga ayamba kumwa mankhwala. Za ng'ala zikudikira ndalama ya ulendo wa ku Zomba. Komiti ya achinyamata ikumana posachedwa kukonza bajeti ya chaka chino, ndipo tikupempha kuti ndalama imeneyo ikhale pamzere woyamba, yunifolomu yatsopano ya kwaya ibwere pambuyo.