Dothi, kanyenya ndi khanda losabadwa

M'misika yathu dothi limagulitsidwa poyera, ndipo ambiri ogula ndi amayi oyembekezera. Ena amangoswa pachulu kapena pakhoma la nyumba. Akuluakulu amati n'chilakolako cha pakati, tiwasiye. Ine sindikuvomereza, chifukwa m'dothi mumatha kubisala kachilombo kotchedwa Toxoplasma gondii, koyambitsa matenda a toxoplasmosis.

Kachilomboka anakatulukira mu 1908 Charles Nicolle ndi Louis Manceaux ku Tunis. Kamaswana m'matumbo a mphaka, yemwe amakatenga akadya khoswe kapena mbalame yodwala. Kwa sabata ziwiri kapena zitatu mphakayo amataya timazira tambirimbiri m'chimbudzi chake. Timazirato timakhwima pakapita tsiku limodzi mpaka masiku 5, ndipo m'nthaka yachinyontho timatha miyezi yambiri tili moyo. Mbuzi ndi nkhumba zimatidya kubusa, kachilomboko n'kukhazikika m'nyama yake. Kanyenya wopserera kunja koma wofiira mkati amakafikitsa pakamwa pathu.

Munthu wathanzi kawirikawiri samva kalikonse, mwina kutentha thupi pang'ono ndi anabere m'khosi, zomwe ambiri angazitche malungo. Tsoka limagwa mayi akatenga kachilomboka koyamba ali ndi pakati. Kamatha kudutsa pansengwa n'kulowa mwa mwana. M'miyezi yoyambirira sikadutsa kawirikawiri, koma kakadutsa kamawononga kwambiri: mayi amatha kupita padera, kapena khanda limabadwa madzi atadzaza m'mutu. Kumapeto kwa pakati kamadutsa mosavuta, mwana n'kubadwa wooneka bwinobwino, koma patapita zaka maso amayamba kuchita khungu. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwana wotere akabadwa, pamudzi timafunafuna mfiti, kapena timaloza chala mayi kuti analakwira mwambo.

Ku France mayi wapakati amene sanatengepo kachilomboka amayezedwa magazi mwezi uliwonse, ndipo akapezeka nako amayamba msanga mankhwala monga spiramycin. Kusikelo kwathu chidwi chili pa HIV, chindoko ndi malungo, ndipo m'pomveka. Koma zikutanthauza kuti chitetezo chathu chachikulu chili kukhitchini ndi kudimba. Mayi amene ali ndi HIV asadumphitse ma ARV ndi Bactrim ngati anamulembera, pakuti chitetezo cha m'thupi chikatsika kachilombo kakale kamadzuka n'kugwira ubongo.

Musathamangitse mphaka. Akutisungira chimanga ku makoswe, ndipo kumusisita pamsana si njira imene matendawa amafalira kawirikawiri. Ngati amachita chimbudzi pafupi ndi nyumba, wina azichotsa tsiku lililonse timazira tisanakhwime, ndipo wochotsayo asakhale mayi wapakati. Abambo, ntchito imeneyo ndi yanu. Nyama ipse mpaka kufiira kuthe, mpeni umene wadula nyama yaiwisi utsukidwe usanadule tomato, mkaka wambuzi uwiritsidwe, madzi a pachitsime nawonso. Pochoka kumunda, sopo m'manja musanagwire chakudya.

Za dothi, kukalipira sikuthandiza. Chilakolako chimenechi nthawi zambiri chimayenderana ndi kuchepa kwa magazi, choncho mayi amene dothi silikumuchoka pamtima auze anamwino kusikelo kuti amuyeze magazi ndi kumupatsa mapiritsi owonjezera magazi.