Achinyamata Onyamula Mapepala a Kafukufuku

Chilimwe chikafika, misewu ya kumidzi itauma, m'sukulu za mkombaphala mumafika anyamata ndi atsikana ovala mwaudongo, mapepala kapena tabuleti ili m'manja, amene alembedwa ganyu ya masabata owerengeka kuti akayese ana ndi kufunsa mafunso amayi awo pamodzi ndi alezi. Eni kafukufuku amawatcha othandizira chabe, ndipo malipoti akatuluka maina awo saonekamo kawirikawiri. Koma ine ndinena kuti choonadi chonse cha kafukufukuyo, chikhale chokoma kapena chowawa, chimadutsa m'manja mwa iwowa.

Taganizani za mwana wa zaka zinayi amene wakhazikidwa pamkeka patsinde pa mango, mlendo nkumufunsa dzina lake. Mwanayo aweramitsa mutu, nayamba kukanda dothi ndi chala cha kuphazi, osayankha kanthu. Papepala pali malo awiri okha, a wokhoza ndi a wolephera, ndipo munthu wosadziwa maleredwe a kwathu sangachedwe kulemba kuti walephera. Komatu mwana yemweyo, mayi ake akamuuza kuti, "Kawatungire madzi alendowa," adzuka msanga, natsuka chikho, nabwera nacho osataya dontho, nagwada ndi kupereka ndi manja awiri. Amene angathe kuona kuti chete uja anali ulemu ndi manyazi a pamaso pa mlendo, ndi kuti mwanayo wamva mawu, wawasunga, nawachita mwadongosolo lake, ndi wachinyamata wa ganyu uja, pakuti iyenso analeredwa chomwecho.

Nkhaniyi si yachilendo kwa akatswiri. M'chaka cha 1979, Robert Serpell wa pa Yunivesite ya Zambia anafalitsa zimene anapeza atayesa ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester pa ntchito yotsanzira zithunzi. Pojambula ndi pensulo ana a ku England anapambana. Popinda waya, ana a ku Zambia, ozolowera kupanga magalimoto a mawaya, anawasiya kutali anzawo aja. Poumba ndi dothi onse anafanana. Mkulu yemweyu, pocheza ndi akuluakulu a Chichewa m'midzi ya ku Katete, anamva kuti mwana wanzeru ndi amene kuchenjera kwake kumayendera limodzi ndi kutumikira, woti ukamutuma mtima wako nkukhala pansi. Kuno kwathu Melissa Gladstone ndi anzake a ku College of Medicine ku Blantyre, ataona kuti miyeso yochokera ku Ulaya ndi ku America inkafunsa ana zinthu zimene sanazionepo chibadwire, anayamba akhala pansi ndi anthu a m'midzi kumva zimene iwo amayembekezera kwa mwana pa msinkhu uliwonse, ndipo mu 2010 anatulutsa muyeso wa Malawi Developmental Assessment Tool, wa mayeso 136, umene lero ukugwiritsidwanso ntchito m'maiko ena. Ntchito zoterezi sizikanatheka popanda anthu odziwa chinenero ndi mwambo, okhala pamkeka ndi makolo tsiku ndi tsiku.

Tsono chondidetsa nkhawa ndi ichi, chakuti nthawi zambiri achinyamatawa amaitanidwa zonse zitatha kale, mafunso atalembedwa ndi kusindikizidwa; aphunzitsidwa masiku ochepa, nalamulidwa kuti asasinthe liwu ngakhale limodzi (lamulo loyenera ndithu, chifukwa ana onse ayenera kuyesedwa mofanana), ndipo pepala lomaliza likaperekedwa alandira kangachepe kawo nabalalika, popanda wowafunsa zimene maso awo anaona. Iwo ndiwo adziwa funso limene amayi onse ankaliseka, ndi limene ana a Chiyao ku Mangochi kapena a Chitonga ku Nkhata Bay sankalimva chifukwa linafunsidwa m'Chichewa, ndiponso tsiku limene ana analephera chifukwa phala linali lisanapse. Akale anati safunsa anadya phula, ndipo kafukufuku wosafunsa omugwirira ntchito amadya phula lomwelo, nkudyetsanso boma limene limakonza ndondomeko zake potsamira malipotiwo. Alezi nawo, amene ambiri a iwo amalera ana a anzawo mongodzipereka, amasiya ntchito yawo tsiku lathunthu kuyankha mafunso, koma zotsatira zake sazimva.

Inu achinyamata amene mwapeza ganyu yotere, musaipeputse poti ndi ya masiku ochepa, ndipo dzuwa likakula musayesedwe kukhala pamthunzi ndi kudzilembera nokha mayankho, pakuti bodza lolembedwa pa dzina la mwana limafika patali. Ndipo inu eni kafukufuku, a m'mabungwe ndi a m'sukulu za ukachenjede, aitaneni anthuwa mafunso asanasindikizidwe, asiyireni malo papepala olembapo zimene aona, alipireni pa nthawi yake, ndipo ntchito ikatha bwererani nawo kumudzi mukawauze makolo ndi alezi zimene mwapeza pa ana awo.